Dzanja likuwawa pamfundo ndikamakankha zitsulo m'mwamba, ndithandizeni

Wa ku Chilomoni · Lachiwiri, 19:42
Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi vuto. Ndakhala ndikunyamula zitsulo kwa chaka ndi miyezi inayi kuseri kwa nyumba ya mnzanga kuno ku Chilomoni. Lachiwiri ndi tsiku la mapewa, ndipo ndimayamba ndi kukankha ndodo m'mwamba chiimirire, ija timati overhead press. Ndinayambira pa 20 kg, pano ndili pa 40 kg. Koma kwa masabata atatu tsopano dzanja lamanja likundiwawa pamfundo, pomangira wotchi paja, chakumbuyo osati mbali ya chikhatho. Ndodo ikangochoka pachifuwa ululu wayamba, ndipo pofika seti yachitatu ndimachita kuluma mano. Mapewa ali bwinobwino, mphamvu zilipo, chondibweza ndi dzanjali basi. Dzulo ndayesa mapushapu, nawonso akuwawa. Ngakhale kutsamira tebulo podzuka pampando ndikumva kulasa. Sindinagwe ndipo silinatupe. Nditani? Kusiya sindikufuna, chifukwa zitsulozi ndi zomwe zinandichotsa ku mowa.

Mnyamata wa Kawale · 19:55
Achimwene, zimenezo ndi za aliyense wonyamula. Sakani ma wrist wrap, malamba omanga pamfundo ya dzanja, pakaunjika amapezeka. Mumange zolimba, mumwe bufeni musanayambe, mupitirize. Ine ndimatero.

Madala a Zitsulo · 20:10
Mwana wanga wa ku Kawale, pa bufeni pokhapo ndikukana. Ululu ndi umene ukumuuza mnzakoyu kuti pali cholakwika. Akautseka pakamwa ndi mapiritsi n'kukweza 40 kg pamwamba pa mfundo yovulala, adzamva bwino madzulo amenewo, koma kuvulalako kudzakhala kukukula.

Inu a ku Chilomoni, musanagule chilichonse tandiyankhani izi. Mukakweza ndodo ija, imakhala pati m'dzanjamo? M'munsi mwa chikhatho pafupi ndi mfundo, kapena kumtunda pomwe zala zimayambira? Nanga nkhonya yanu imaloza kudenga kapena imagonekera kumbuyo? Ndipo ndodoyo ndi yotani, yogula kapena yokonza tokha?

Wa ku Chilomoni · 20:24
Madala, ndapita kukaigwira kumene kuti ndisaname. Imakhala pomwe zala zimayambira, pomwe pali zikang'a paja. Dzanja limagonekera kumbuyo ndithu, chikhatho chimayang'ana kumwamba ngati ndanyamula mbale ya nsima. Ndodoyo ndi paipi yomwe tinatola pamalo pomwe ankamanga nyumba, mbali zonse tinaika zitini za penti zothira simenti.

Madala a Zitsulo · 20:51
Vuto lanu mwalitchula nokha. Ine ndinayamba kunyamula ndili ndi zaka 19, pano ndadutsa 50, ndipo anyamata ambiri omwe ndawaona akulira ndi dzanja pa masewera a mapewa amagwira ndendende ngati inuyo.

Taganizani za mayi wosenza ndowa ya malita 20. Ndowa ikakhala pakati pa mutu, kulemera kumatsika ndi khosi, msana, mpaka kumapazi, ndipo amayenda mtunda wautali akucheza. Ikasendera kumbuyo pang'ono chabe, khosi limayamba kulimbana nayo. Dzanja ndi chimodzimodzi. Mafupa a mkono, kuchokera pachigongono kufika pamfundo, ndiwo mzati. Ndodo iyenera kukhala pamwamba pa mzatiwo. Inu mwaiika kuseri kwa mzati, pa zala, ndiye 40 kg yonse ikupinda mfundo kumbuyo mpaka pomwe imathera. Pa 20 kg mfundo inkapirira. Mapewa anu akula msanga kuposa mfundo, n'chifukwa chake vutoli laonekera pano.

Kagwiridwe kake nkotere. Ndodo ili pamalo pake, ikani chikhatho chotambasula, mutembenuze manja pang'ono kuti zala zamkombaphala ziyang'anizane mbali ina, ngati miyendo yakutsogolo ya galu wamatewe. Mukatero ndodo imadutsa mopingasa m'chikhatho, n'kukhala pamnofu wokhuthala wa m'munsi uja. Kenako kulungani zala, chala chachikulu chizungulire ndodo, mufinye ngati mukufuna kuiphwanya. Nkhonya iloze kudenga. Sikuti mfundo iwongoke ngati rula ayi, kupindika pang'ono kulipo ndipo nkwabwino, koma isagone.

Chachiwiri ndi zigongono. Poyamba kukankha zikhale pansi pa ndodo, kapena patsogolo pake pang'ono. Zikathawira kumbuyo, dzanja limagona lokha ngakhale mutagwira bwino bwanji. Manja musawatalikitse kwambiri, angopitirira mapewa pang'ono, kuti wokuonani kutsogolo aone mikono itaima chilili.

Ndipo tsitsani kulemera. Bwererani ku 20 kg kapena kuchepera apo mpaka kagwiridwe katsopanoka kazolowereke. Ndikudziwa kuti mtima umawawa, koma mapewa sathawa m'masabata atatu.

Mnyamata wa Kawale · 21:03
Madala ndamva, koma ma wrap aja akatswiri onse amavala. Ndiye onsewo akulakwitsa?

Madala a Zitsulo · 21:12
Sakulakwitsa. Ine ndemwe ndili nawo, ndimavala pa seti yolemera kwambiri yokha. Kusiyana kwake nkwakuti iwo amagwira bwino kale, lamba amangowonjezera. Ndipo ambiri pano amamanga molakwika, m'munsi mwa mfundo ngati chibangili. Lamba akuyenera kuphimba mfundo yeniyeniyo, mbali ina pamkono mbali ina m'munsi mwa chikhatho, apo ayi palibe chomwe akugwira. Ukamaliza seti umasule, magazi ayende.

Mayi Fizio · 21:40
Ndawerenga zonse. Zomwe anena madalawa nzoona, ndipo malinga ndi momwe mwafotokozera achimwene, ululu wa kumbuyo kwa mfundo womwe umabwera dzanja likapindikira kumbuyo litanyamula katundu, pa press komanso pa mapushapu, nthawi zambiri umachokera pa kupanikizika kwa mfundoyo. Koma munthu sindingamuyeze pafoni, ndiye ndilembe zoti aliyense pano adziwe, poti ululu wa pamfundo si umodzi.

Pamalo pang'onopang'ono pamenepa pali timafupa 8, tili m'mizere iwiri, tomangidwa ndi timitsempha tambirimbiri. Malo omwe pakuwawa amanena zambiri.

Ngati kukuwawa mbali ya kachala kakang'ono, makamaka potembenuza dzanja ngati mukutsegula chitseko ndi kiyi kapena kufinya chovala chochapa, mwinanso kumveka kuti thee, timaganizira kachichereŵechereŵe kotchedwa TFCC, komwe kamakhala pakati pa fupa la mkono ndi timafupa tija. Kameneka kamachedwa kupola ndipo sikafuna kukakamizidwa.

Ngati kukuwawa mbali ya chala chachikulu, motsatira mitsempha yomwe imakoka chalacho, pindani chala chachikulu m'chikhatho, muchikute ndi zala zinazo, kenako mupendeketse dzanja pang'onopang'ono kulowera ku kachala kakang'ono. Kukalasa kwambiri m'mbali mwa mfundo, akhoza kukhala matenda otchedwa De Quervain.

Ngati chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zikuchita dzanzi, makamaka usiku mpaka kudzuka kuti mugwedeze dzanja, pamenepo mtsempha wa median ukupanikizika m'kanjira komwe umadutsa pamfundo. Iyi si nkhani ya kagwiridwe kokha, pitani mukaonedwe.

Ena amatuluka kachotupa kofewa kumbuyo kwa mfundo, kodzaza ndi timadzi tonanda. Nthawi zambiri si koopsa, koma musakamenye ndi buku kapena botolo monga ena amachitira, ndipo musakaboole.

Tsono chomwe ndikufuna musachiiwale: ngati munagwa n'kutsamira chikhatho, ndipo pakuwawa ndi pakadzenje kaja kamaoneka m'munsi mwa chala chachikulu mukachitambasula, siyani zitsulo tsiku lomwelo mukajambulitse. Pansi pa kadzenjeko pali kafupa kotchedwa scaphoid. Magazi amafika movutikira kumbali ina ya kafupaka, ndiye kakathyoka n'kusiyidwa kakhoza osalumikizana. Choipa china, pa X-ray yoyamba kuthyokako nthawi zina sikuoneka, n'chifukwa chake amatha kukuikani chikhakha n'kukuuzani mubwerenso pakatha masiku 10 mpaka 14 kuti ajambulenso.

Wa ku Joni · 22:15
Mayi, mwandikumbutsa zowawa. Ine ndi amene zinandichitikira zimenezo. Ndinagwa panjinga popita kuntchito kuno ku Johannesburg, ndinatsamira dzanja lamanzere. Silinatupe kwenikweni, zala zimayenda, ndiye ndinati ndangobinya. Patatha masiku anayi ndinabwerera ku jimu. Pa press pankawawa pakadzenje pomwe mwanenapo, ine n'kumanga bandeji, kumwa mapiritsi, kumapitiriza. Ndinatha miyezi itatu choncho. Tsiku lina ndinalephera kunyamula ketulo. Atandijambula anapeza kafupako kanathyoka ndipo sikanalumikizane. Anachita opaleshoni n'kuikamo kasikuluwu, ndipo ndinakhala nthawi yaitali osagwira ntchito bwino, ndalama zotumiza kumudzi zinaima. Mpaka lero dzanja limenelo silipinda ngati linzake. Mng'ono wanga wa ku Kawale, mapiritsi amene ukuwatamawo ine ndi amene anandipusitsa.

Mnyamata wa Kawale · 22:21
Pepani akulu, sindimadziwa kuti zimafika pamenepo. Ine ndimamwa awiri tsiku lililonse la jimu, nthawi zina ndisanadye.

Mayi Fizio · 22:33
Chonde siya mwana wanga. Bufeni, diclofenac ndi indosidi ndi a gulu limodzi. Kumwa pafupipafupi, makamaka m'mimba mulibe kanthu, kumabweretsa zilonda za m'mimba, ndipo amavutitsa impso, makamaka munthu akatuluka thukuta kwambiri osamwa madzi okwanira. Ngati pena pake pakukuwawa mpaka kufuna mapiritsi tsiku lililonse la jimu, tiuze ndi pati tithandizane.

Wa ku Chilomoni · 22:40
Mayi, ndayesa zonse mwanenazo. Pakadzenje sipakuwawa, dzanzi palibe, kutembenuza kiyi bwinobwino. Ndi pakati penipeni kumbuyo, ndipo pokhapokha ndikalipinda n'kulitsamira. Mtima wakhalako pansi. Funso langa, ndisiyiretu kwa kanthawi kapena ndingochepetsa?

Mayi Fizio · 22:58
Kusiyiratu zonse sikofunika. Siyani chokhacho chomwe chikuwawitsa, kwa masabata awiri kapena atatu, ndiko kukankha ndodo ndi mapushapu a chikhatho pansi. Miyendo, msana, mimba pitirizani. Mapushapu mukhoza kupanga pa nkhonya, pamphasa kapena pa thaulo, chifukwa pamenepo mfundo imakhala yowongoka. Pobwerera ku ndodo muzidziyeza chonchi: ululu muupatse nambala kuyambira 0 mpaka 10. Ukakhala pa 3 kapena kutsika, ndipo pofika mawa lake watha, muli bwino. Ukapitirira, kapena mwadzuka nawo m'mawa, mwachulutsa.

Mfundoyo muilimbitsenso. Khalani pampando, mkono ugone pantchafu, dzanja lilendewere kutsogolo kwa bondo mutagwira botolo la madzi la lita imodzi. Kwezani dzanja lokha, mutsitse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 3. Kokwana 15, chikhatho chitayang'ana pansi, kenako chitayang'ana kumwamba. Mukazolowera, botolo la malita awiri. Masabata atatu kapena anayi akatha popanda kusintha, kapena pakatupa, pitani kuchipatala. Inu muli pafupi ndi Queens, ali ndi gawo la mafupa komanso la fizio. A ku Lilongwe kuli Kamuzu Central, ndipo m'zipatala za maboma mumakhala azachipatala omwe anaphunzira za mafupa mwapadera.

Wowotcherera wa ku Ndirande · Lachitatu, 06:18
Ndadzuka ndapeza nkhani yakula. Palibe yemwe wafunsa za paipi ija. Achimwene, ndi yonenepa bwanji? Ngati ndi ya sikafodi, ya nsanja zokwerapo omanga nyumba, imeneyo ndi 48 mm, ndipo chikhatho cha munthu wamba sichingaikute bwino. Ndodo yeniyeni ya mpikisano ya amuna ndi 28 mm, yolemera 20 kg, ya amayi ndi 25 mm, yolemera 15 kg. Onani kusiyana kwake. Paipi ikanenepa, chala chachikulu sichikumana ndi zinzake, ndiye dzanja limagona lokha kuti paipi ikhalepo. Madala atha kukuphunzitsani kagwiridwe mpaka mawa, koma pa paipi ya sikafodi simudzakwanitsa.

China, ndodo za ku jimu zikuluzikulu kumapeto kwake kumazungulira pakokha. Zathuzi simenti inagwirana ndi paipi, ndiye mukamaitukula kuchoka pansi kuti ifike pachifuwa, kulemera konse kumapotokola dzanja. Ambiri amavulalira pamenepo, asanayambe n'komwe kukankha. Pangani choikapo, ngakhale mitengo iwiri ya mphanda yozika bwino pansi, yofika pachifuwa, kuti muzinyamulira pomwepo.

Ngati mukufuna kukonza ina, paipi ya madzi ya inchi imodzi ndi pafupifupi 33 mm kunja kwake, ndi yabwinoko. Ya makota atatu a inchi ili pafupi ndi 27 mm, imagwirika bwino koma imapindika, pokhapokha mulowetse chitsulo cholimba m'kati mwake.

Wa ku Chilomoni · 07:02
Akulu, ndi ya sikafodi ndithu. Chala chachikulu sichifika n'komwe, ndimangochiika mbali imodzi ndi zinzake. Ndipo timaitola pansi, choikapo tilibe.

Wowotcherera wa ku Ndirande · 07:09
Ndinadziwa. Komanso zitinizo mukaziyeze. Mwachitsanzo, chitini cha malita 5 chikadzaza konkire chimafika cha m'ma 11 kapena 12 kg, koma ziwiri sizifanana kawirikawiri, chimodzi mumatsira miyala yambiri, china mchenga. Pitani nazo kwa ogula mbewu ali ndi sikelo. Mwina dzanja lamanjalo likunyamula zambiri kuposa linzake inu osadziwa.

Wa ku Area 25 · 08:30
Ine ndikusiyana nanu pang'ono pa za chala chachikulu. Ndimakankha chala chili mbali imodzi ndi zinzake mwadala, ndipo dzanja linasiya kuwawa nditayamba kutero. Ndodo imakhala bwino m'munsi mwa chikhatho.

Madala a Zitsulo · 08:52
Alipo ambiri omwe zimawayendera choncho pa press yoimirira, sindikutsutsa, poti ikapulumuka umabwerera m'mbuyo n'kuisiya igwe. Koma kwa munthu amene akuphunzira kumene, pa paipi yosalala yopanda mano, manja ali thukuta, ine sindingamuuze atero. Ndipo pa benchi, mutagona chagada, musayerekeze n'komwe. Ikaterereka imagwera pachifuwa kapena pakhosi.

Mlongo wa ku Mzuzu · 12:47
Ndilankhuleko ngati mayi, poti manja athu ambiri ndi aang'ono ndipo ndodo zomwe timazipeza m'majimu a m'makwalala ndi za amuna. Ine chomwe chinkandipweteka si press, koma upright row, kukokera ndodo kuchibwano manja atayandikana. Pamwamba paja mfundo imapindikira m'mbali mokakamizika, ndinkamva kulasa mbali ya kachala kakang'ono. Ndinangoisiya, ndipo mapewa anga sanachepe. M'malo mwake ndimakweza madambelo, tizitsulo tonyamula ndi dzanja limodzi, m'mbali, opepuka, zigongono zitapindika pang'ono.

Pa kukankha m'mwamba ndimagwiritsa madambelo zikhatho zitayang'anizana, ngati wagwira hamala m'manja onse. Dzanja limapeza lokha njira yake, silimangidwa pamalo amodzi ngati pa ndodo. Njira ina yomwe inandithandiza nditangobereka ndi yotsamiritsa mbali imodzi ya ndodo pakona ya khoma, pansi, n'kumakankha mbali inayo ndi dzanja limodzi chopendekera kutsogolo. Imagwira mapewa bwino ndipo mfundo imakhala yowongoka.

Za De Quervain zomwe anena Mayi Fizio zinandigwira mwana ali ndi miyezi inayi. Ndinkaganiza kuti ndi zitsulo, koma chinali kanyamulidwe ka mwana, kumukweza m'khwapa zala zazikulu zitatambasuka, kambirimbiri patsiku. Ndiye nanunso achimwene onani zomwe dzanjalo limachita tsiku lonse, osati ola limodzi la jimu lokha.

Wa ku Chilomoni · 13:15
Achemwali mwalasa. Ndimakhala pa kompyuta kuyambira 8 mpaka 5, dzanja lamanja pa mausi, mfundo itatsamira m'mphepete mwa tebulo. Ndikaweruka ndimangofikira kunyamula, osatenthetsa thupi n'komwe chifukwa kumakhala kukuda.

Mlongo wa ku Mzuzu · 13:22
Mphindi zisanu zokha zimakwana. Zungulizani manja, tambasulani ndi kufumbata zala, kenako seti imodzi kapena ziwiri ndi ndodo yopanda kanthu. Kuno ku Mzuzu mwezi wa June ukangofikira kugwira chitsulo chozizira osatenthetsa manja, umamva mfundo zonse zikudandaula.

Wa ku Bangwe · 17:40
Agogo anga akanati muthowe ndi madzi otentha, kapena akutemereni mphini pamenepo. Kodi kuthowa nkolakwika? Poti ena amati ayisi, ena amati moto.

Mayi Fizio · 18:26
Kuthowa si kolakwika. Mukangovulala kumene ndipo patupa, chozizira chimathandiza kuchepetsa ululu, mphindi 10 mpaka 15, ayisi atakulungidwa m'kansalu osati pakhungu penipeni. Ululu wokhalitsa wopanda kutupa, ngati wa achimwenewa, kansalu ka madzi ofunda kamafewetsa bwino. Zonse ziwiri zimangotonthoza, sizichotsa chomwe chayambitsa. Mphini pamfundo ndiye ayi. Mitsempha ya magazi ndi yoyendetsa zala ili pafupi kwambiri ndi khungu pamenepo, ndipo bala likalowa tizilombo dzanja likhoza kuwonongeka kuposa poyamba.

Madala a Zitsulo · 19:05
Ndiwonjezere chimodzi chomwe ndinaiwala dzulo. Imani chotsamira khoma, msana wonse ugunde, mukweze manja owongoka mpaka zala zazikulu zikhudze khoma pamwamba pa mutu. Ngati simukufika popanda kupinda msana, mapewa ndi msana wakumtunda ndi zomangika, zomwe zimachitika kwambiri kwa anthu okhala pa desiki. Mapewa akakana kufika pamwamba, thupi limabera pamfundo ya dzanja ndi m'chiuno kuti ndodo ioneke ngati yafika. Kulendewera pa chitsulo kapena panthambi yolimba kwa masekondi 20 kapena 30, kangapo, kumamasula bwino, bola dzanja lisamawawe polendewerapo.

Wa ku Chilomoni · Lachisanu, patatha masabata atatu, 20:11
Abale, ndabwera kudzapereka lipoti. Zitini tinakaziyeza pa sikelo ya ogula nandolo: china 17 kg, china 19 kg, ndipo cholemeracho chinkakhala kumanja nthawi zonse chifukwa cha momwe timaiikira pansi. Ndiye 40 kg yomwe ndinkanena inali yongoganizira. Paipi ya sikafodi taisiya, tapeza ya inchi imodzi, ndipo tazika mitengo iwiri ya mphanda. Masabata awiri oyamba ndodo sindinaigwire, ndimapanga za botolo zija, mapushapu a nkhonya, ndi kukankha kwa pakona komwe anandiuza achemwali a ku Mzuzu. Lachiwiri lapitali ndayamba ndi 20 kg, kagwiridwe ka madala. Poyamba zimamveka zachilendo, ngati ndodo igwera kutsogolo, koma pa seti yachiwiri ndinamva kulemera kukutsika ndi mkono molunjika. Ululu unali pa 1, m'mawa mwake kunalibe. Mapushapu a chikhatho pansi akadali kulasa pang'ono, ndiye amenewo ndidikira kaye.

Mayi Fizio · 20:30
Nkhani yabwino. Muziwonjezera pang'onopang'ono, 2 kg pa sabata yakwana. Za botolo musasiye ngakhale ululu utatheratu. Mapushapu yambirani pakhoma, kenako patebulo, pansi mufike pomaliza.

Mnyamata wa Kawale · 20:44
Ine mapiritsi ndinasiya tsiku lomwe lija. Nditasiya ndinazindikira kuti chomwe chimandiwawa ndi mbali ya kachala kakang'ono, ndipo kumalira ndikatembenuza dzanja. Mayi, Lolemba ndikupita ku Central. Ndikanene kuti chiyani kuti andimvetse msanga?

Mayi Fizio · 20:52
Ukawauze malo enieni pomwe pakuwawa, uloze ndi chala chimodzi. Unene kuti zinayamba liti, ngati unagwapo, zomwe umanyamula ndi kulemera kwake, komanso kuti wakhala ukumwa bufeni kwa nthawi yaitali bwanji, usabise. Buku lako la kuchipatala usaiwale, ndipo ulawire m'mamawa.